Mankhwala a ma enzyme ochotsa mkodzo wa galu: zomwe ndaona pa miyezi inayi

Kambuku, galu wanga, wakwanitsa zaka 11 ndipo chikhodzodzo chayamba kumuvuta. Amagona mukolido pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo kawiri kapena katatu pa sabata ndimadzuka n'kupeza kadziwe pamatailosi. Iye amangondiyang'ana cham'mbali, makutu ali khoba. Sindimukalipira, ukalamba si mlandu.

Chinandifikitsa pa botolo limene ndikukamba pano ndi kupusa kwanga komwe. Kale ndinkakolopa ndi mankhwala ophera majeremusi aja onunkhira ngati maluwa, ofunika kusungunula m'madzi. Tsiku lina fungo litandikwana ndinathira zivindikiro zinayi m'malo mwa chimodzi, n'kukolopa, osatsukuluza. Kambuku anadutsa pansi pali ponyowa, n'kukagona pamalo pake, n'kuyamba kunyambita mapazi monga achitira agalu onse. Masana onse anali bwinobwino. Pofika madzulo dovu linali chuchuchu, chakudya akungochinunkhiza n'kuchoka, ndipo nditamutsegula kukamwa lilime linali psuu, m'mbali muli tizilonda.

Adokotala a ziweto sanayambe ndi galuyo ayi, anayamba ndi kufunsa ngati ndabweretsa botolo. Mwamwayi ndinali nditalitenga. Anandilozera mawu aang'ono kumbuyo kwake: benzalkonium chloride. Mankhwalawa amapezeka m'zokolopera zambiri zolembedwa kuti zimapha majeremusi, ndipo akakhala okhathamira amawotcha m'kamwa, koma zizindikiro zimatha kuchedwa maola angapo. N'chifukwa chake munthu sulumikiza msanga dovu la madzulo ndi chikolopa cha m'mawa. Anandiuzanso kuti ndinachita bwino kusamusanzitsa, chifukwa chinthu chowotcha chikamabwerera chimawotchanso kummero kachiwiri. Kunena zoona sikunali kuchenjera, ndinangosowa chomusanzitsira. Kambuku anatha masiku asanu akudya zofewa zokha.

Ndiye ndinagula mankhwala a ma enzyme, botolo lopopera la mamililita 750, lojambulidwa galu ndi mphaka akumwetulira. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana ndi sopo. Sopo amanyamula litsiro n'kulipereka kumadzi, pamene ma enzyme amaphwanya zotsalira za mkodzo, masanzi kapena chimbudzi kukhala tizidutswa tosanunkha. Langali lilinso ndi mabakiteriya osavulaza a mtundu wa Bacillus, amene amapitiriza kudya zotsalirazo malo akadali achinyezi. Mfundo yagona pa chinyezipo, ndipo ine ndinaiphonya sabata yonse yoyamba. Ndinkapopera kawiri n'kupukuta pompo, kenako n'kumadandaula kuti ndataya ndalama.

Kachitidwe kamene kandithandiza ndi aka. Ndimayamba ndamwetsa mkodzo wonse ndi nsanza youma, mosindikiza, osati mopaka. Kenako ndimathira mankhwalawo mpaka malowo anyowe ndithu, kupitirirako pang'ono pomwe mkodzo unalekezera, makamaka m'mizere ya pakati pa matailosi momwe umalowerera. Ndimasiya mphindi 15, Kambuku ndili nditamutsekera kunja, kenako ndimapukuta ndi madzi oyera n'kudikira paume. Madzi otentha kwambiri amawononga ma enzyme, jiki nayenso amawapha, choncho ukayamba wakolopa ndi zina zamphamvu n'kuthira awa pamwamba, wangotaya.

Pamatailosi zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Mphuno yanga si mboni yodalirika, mboni ndi Kambuku. Galu ali ndi timaselo tomvera fungo tofika mamiliyoni mazana awiri kapena atatu, ife anthu tili ndi pafupifupi mamiliyoni 6 okha, ndiye pamene ine ndikuti payera, iye amamvabe kuti apa ndi pokodzera. Kale ankabwerera pakona imodzimodzi ngati analipira lendi. Patatha masabata atatu ndikugwiritsa ntchito mankhwalawa moyenera, anasiya kununkhiza pakonapo. Ngozi za usiku zikadalipo, poti botolo silichiza chikhodzodzo, koma zasiya kukhala ndi adiresi.

Pakapeti nkhani ndi ina. Kakapeti ka pabalaza kanali ndi banga lakalekale, ndipo ndinathira katatu masiku atatu, ndikuvundikira ndi thaulo lonyowa kuti pasaume msanga. Fungo linatha, banga linangozilala koma likuonekabe ukayang'anitsitsa. Theka la botolo linathera pamenepo. Apa ndiye pali dandaulo langa loyamba: amatha msanga, chifukwa kuti agwire ntchito umafunika kuthira mosaumira. Chopoperacho nachonso chinayamba kudontha m'manja mwezi wachiwiri, moti tsopano ndimangotsegula n'kuthira. Amene muli ndi kapeti ya ubweya wa nkhosa kapena nsalu ya silika muyesere kaye pakona yobisika, chifukwa ma enzyme ena amadya mapuloteni, ndipo ubweya ndi puloteni.

Dandaulo lachiwiri ndi perefyumu. Anathiramo fungo la mandimu lamphamvu moti Kambuku amayetsemula akalowa. Fungolo analiikira ine wogula, osati galu wojambulidwa pabotoloyo.

Lachitatu ndi limene limandinyansa kwambiri. Kutsogolo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi osavulaza ziweto, koma kumbuyo, m'tizilembo tofuna magalasi, akuti chiweto chisayandikire mpaka pamalopo pauma. Mawu achiwiriwa ndiwo oona, ndipo ndi omwewo amene analembedwanso pa botolo lija linawotcha Kambuku, ine osawawerenga. Mndandanda wa zomwe zili m'kati nawonso ndi wachidule kwambiri. Tsiku limene galu wabowola botolo n'kumwa, dokotala adzafuna dzina lenileni la mankhwala, osati chithunzi cha galu womwetulira.

Wina asaganize kuti akagula awa ndiye wataya zina zonse. Ma enzyme amachotsa litsiro ndi fungo, sapha mavairasi. Mwezi wathawu mchemwali wanga anabwera ndi kagalu kake kotsegula m'mimba, kasanamalize katemera, ndipo maganizo anga anathamangira ku parvo, kachilombo koopsa kotsegula m'mimba agalu. Kachilombo kameneka, kamene kanayamba kufala pakati pa agalu mu 1978, n'kouma mutu, kamakhala pansi miyezi yambiri ndipo zokolopera zambiri zonunkhira sizikagonjetsa. Jiki amakapha. Ngati ndi wamphamvu ya 5 peresenti, muyeso wake ndi gawo limodzi ku magawo 32 a madzi, pamalo poti wayamba wachotsapo chimbudzi n'kutsuka ndi sopo, n'kusiya ponyowa mphindi 10, kenako kutsukuluza bwinobwino ndi kudikira paume mawindo ali otsegula. Kagaluko kanapezeka kuti n'njoka zam'mimba chabe, koma sindinanong'oneze bondo.

Chimene sindichita n'kuthira jiki pamkodzo. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa ammonia, ndipo ammonia akakumana ndi jiki pamatuluka mpweya wotchedwa chloramine, wotsamwitsa ndi wowawa m'maso. Iwe woimirira ukamatsokomola, ganizira galu amene mphuno yake ili pafupi ndi pansi. Jiki ndi viniga nazonso sizikumana, zimatulutsa mpweya wa klorini. Zokolopera zokhala ndi ammonia ndinazisiyiratu, poti kwa galu zimanunkha ngati mkodzo ndipo zimamuitanira pomwepo. Za soda wophikira wosakaniza ndi viniga zimene anthu amatamanda pa intaneti ndinayesako. Thovu lake ndi losangalatsa kuonera, koma ziwirizi zimaphana mphamvu, chotsala n'kukhala madzi amchere. Chilichonse pachokha chimathandizako: soda wouma amamwa fungo pabedi la galu, viniga wosungunula amayeretsa magalasi.

Mabotolo oopsa zedi, otsegulira mapaipi otsekeka ndi otsukira uvuni, amene amakhala ndi kositiki soda, ndinawachotsa pansi pa sinki n'kuwakweza pashelefu ya pamwamba. Kabati ya pansi ija Kambuku amaitsegula ndi mphuno, ndinamuonapo ndi maso angawa. Tibuluu toika m'thanki ya chimbudzi ndinasiya kugula, chifukwa mkuluyu akapeza chitseko chotsegula amamwa m'menemo ngakhale mbale yake ili yodzaza. Ndowa yokolopera ndimaikhuthula nthawi yomweyo, sindiisiyanso pakhonde kuti ndidzataya kenako.

Botolo lachiwiri ndigula, koma ndifunafuna lalikulu lothira, lopanda perefyumu, ndipo ndikaliwerengera kumbuyo ndisanalipire. Amene ali ndi kagalu kophunzira kumene kapena galu wokalamba ngati wanga adzaona phindu lake, bola akhale ndi mtima wodikira mphindi 15 zija. Amene akungofuna pansi powala ndi ponunkhira alendo asanafike akhumudwa nalo. Kambuku yekha ndiye sakugwirizana ndi dongosolo latsopanoli. M'mawa uliwonse wokolopa amakhala kuseri kwa chitseko akulira chapansipansi, mphuno ataitsamiritsa pampata, mpaka ndiponde pamatailosi ndi phazi lopanda nsapato n'kumva kuti pauma.