Kindle ndi Kobo titakhala nazo miyezi 10 kuno ku Dedza

Kindle ndi Kobo ndi timakina towerengera mabuku. Kindle Paperwhite anandibweretsera ndi achimwene kuchokera ku Joni, mayi a kunyumba nawo anapeza Kobo Clara 2E yogwirapo kale ntchito, ndiye tonse takhala tikusinthana, pano ndikutha kunena zomwe ndaona ndi maso anga.

Batire zonse zili bwino zedi, ndimatchaja kamodzi pa masabata atatu, magetsi azime asazime ine ndimangowerenga. Mu July muja kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ndinkangolowa m'bulangete 7 koloko, kuwala ndachepetsa ndaika kofiirira kaja, maso osawawa ngati pa foni. Sikirini ya Kindle ndi mainchesi 6.8, ya Kobo 6, kusiyanako kumaoneka kakang'ono koma ukatsegula PDF ya manotsi a kusukulu zilembo pa Kobo zimachepa mpaka kumachita kuyandikitsa kumaso.

Koma pomwe Kobo yanditengera mtima ndi pa kuika mabuku. Ukangoilumikiza ku laputopu ndi chingwe, kukopa EPUB (mtundu wa fayilo ya buku) kuponya momwemo basi yatseguka, bandulo osawononga. Kindle siitsegula EPUB choncho ayi, uyenera kutumiza pa Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mabuku ku Kindle, ndiye pafunika intaneti, kapena uyambe wasintha fayilo pa pulogalamu ya pa kompyuta ya Calibre. Kwa ife amene netiweki imachita kusakasaka panja pa nyumba nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa zonsezi.

Sitolo ya Amazon, eni ake a Kindle, mabuku ndi ochuluka kuposa ya Kobo, izo sinditsutsa, koma konseko pafunika khadi yolipirira kunja ndipo ndi kusowa kwa madola komanso kwacha itagwa mu November 2023, buku la madola 10 umayamba waganiza za thumba la feteleza. Ndagulako awiri okha. A Chichewa ndinasakasaka konseko, zomwe ndinapeza sizikwana kuwerenga mwezi umodzi, zimandiwawa kwambiri chifukwa ana anga amafuna nthano za kwathu.

Za chithandizo, nditaiwala pasiwedi a Amazon anandithandiza pa chati tsiku lomwelo, m'Chingerezi. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi sikirini, ndinafunsa anyamata okonza mafoni pa boma akuti ya mtundu umenewu sasunga, ndiye ikasweka mu minibasi ya ku Lilongwe kwatha. Ndinasoketsa timatumba ta chitenje toika siponji kwa telala, zonse ziwiri zimayenda momwemo.

Achemwali aku Ntcheu anandifunsa kuti agule iti, ndawauza Kobo, koma asake ya sikirini yokulirapo poti iwo ndi a ma PDF.