Kabokosi ka USB kowerengera mamita a madzi a M-Bus: kamawerenga bwino, koma kakuopa mphezi

Kachipangizo aka ndi kabokosi kapulasitiki kofanana kukula ndi sopo wosambira. Mbali imodzi kali ndi pulagi ya USB, mbali inayo timabawuti tiwiri tomangira waya tolembedwa M+ ndi M-, ndipo pamwamba pali timagetsi titatu: kosonyeza kuti kayaka, kosonyeza kuti kakutumiza ndi kosonyeza kuti kakulandira. Dzina la kampani palibe. Pa intaneti amakagulitsa monga M-Bus master yowerenga mamita a madzi 10, ndipo m'paketi mumangopezeka kabokosiko ndi kapepala kamodzi kosathandiza kwenikweni. Ntchito yake ndi kulumikiza kompyuta ndi mamita a madzi amene ali ndi polumikizira pa M-Bus (njira yowerengera mamita patali kudzera pa mawaya awiri), kuti muziwerenga malita muli pa desiki m'malo moyenda ndi tochi kukasuzumira m'maenje.

Tiyambe ndi amene sayenera kukagula. Mita ya Water Board ya pakhomo panu, kaya ndi yolipira mwezi ukatha kapena yolowetsa tokeni ya manambala 20, si yanu ndipo ili ndi chidindo. Musaigwire, komanso kabokosika sikalankhula nayo. Kamathandiza amene adziikira mamita awoawo kuseri kwa mita ya bodi: eni nyumba za lendi zambiri pampanda umodzi, mahositelo, masukulu ogonera komweko, mafakitale ofuna kudziwa gawo limene likumwa madzi ambiri.

Musanalipire onetsetsani mawu akuti master, kutanthauza mbali imene imafunsa ndi kupereka magetsi pa waya. Timabolodi tambiri totchipa tolembedwa M-Bus ndi ta mbali ya slave, imene imangoyankha, tambiri mwa ito tili ndi chipu ya TSS721 ya Texas Instruments, imene inapangidwira kukhala m'kati mwa mita. Slave ndi slave sangalankhulane, chifukwa palibe amene akupereka magetsi pa waya. Kuyesa kwake nkosavuta: lowetsani kabokosi mu kompyuta, ikani multimeter pa DC, gwirani M+ ndi M-. Master weniweni amaonetsa mavoti oposa 30. Aka kamaonetsadi. Mukaona ziro kapena 5, mwagula china. Ndipo M-Bus si Modbus, ngakhale mayinawo amveka ngati a pachibale. Modbus ya pa RS-485, njira ina yolumikizira zipangizo pa waya, imayenda ndi mavoti ochepa kwambiri, moti kulumikiza adaputala ya RS-485 pa waya wa M-Bus nkuiwotcha basi.

Kumvetsa mmene master ndi mita zimalankhulirana kumapulumutsa nthawi yambiri. Malamulo ake ali mu EN 13757, ndipo njirayi inachokera ku Germany, kwa Pulofesa Horst Ziegler wa ku yunivesite ya Paderborn. Master amalankhula ndi mavoti: waya ukakhala pa 36 V ndiye 1, ukatsika ndi 12 V kufika pa 24 V ndiye 0. Mita siyankha ndi mavoti ayi, imayankha ndi kuchuluka kwa magetsi amene ikukoka. Ikakhala chete imakoka osapitirira 1.5 mA, ikafuna kunena 0 imaonjezera pakati pa 11 ndi 20 mA. Mawaya awiri omwewo ndi amene amadyetsa mbali yolankhulira ya mita, ndipo ku mita zilibe kanthu kuti waya uti wapita pa bawuti iti. Apa pokha M-Bus ndi yokhululuka.

Tsono nambala ya 10 ija ndi yoona pokhapokha mita iliyonse ikukoka 1.5 mA. Werengani nokha: mamita 10 ndi 15 mA, kuonjezerapo 20 mA ya mita imene ikuyankha ndi 35 mA. Pa 36 V amenewo ndi mawati 1.26, ndipo poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA pa 5 V, kutanthauza mawati 2.5. Zimakwana, koma kukweza 5 V kufika 36 V kumadyako ina, choncho malo otsala si ambiri. Mamita ena ndi timabokosi tina towerengera ma pulse timakoka kawiri, zimene pa pepala la mita amalemba 2 UL (UL imodzi ndi 1.5 mA). Asanu otere ndiye kabokosi kadzaza. Kakalemedwa sikakuchenjezani. Mavoti amangotsika, mamita akutali amayamba kudumphadumpha poyankha, ndipo mumayamba kukayikira waya pamene vuto ndi katundu. Hub ya USB yopanda magetsi akeake imabweretsa matenda omwewa. Lowetsani kabokosi mwachindunji mu kompyuta ndi chingwe chachifupi.

Kompyuta imakaona ngati poti ya serial. Pa Windows onani nambala ya COM mu Device Manager. Pa Linux kamatuluka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo akaunti yanu iyenera kukhala m'gulu la dialout, apo ayi mungokanizidwa. Zoikamo ndi liwiro la 2400 baud, ma bit 8, even parity, stop bit imodzi. Parity imeneyi ndi imene imagwetsa anthu ambiri, chifukwa mapulogalamu ambiri a serial amayamba ali pa none. Ndi none, kagetsi kotumiza kamaphethira bwinobwino koma mita imangoti zii, ndipo wogula amathamangira kulemba kuti kabokosi nkakufa. Mamita akale ena amayenda pa 300 baud, ena amavomera 9600. Ngati 2400 sikuyankha, yesani 300 musanatsegule china chilichonse.

Poyesa koyamba mangani mita imodzi yokha, pa tebulo, ndi waya wamfupi. Tumizani ma byte asanu awa mu hex: 10 40 FE 3E 16. Apa 10 ndi poyambira, 40 ndi lamulo lodzutsa mita, FE ndi adiresi 254 imene mita iliyonse imayankha, 3E ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti uthenga wafika bwino, yomwe ndi 40 kuphatikiza FE nkutenga byte yomaliza, ndipo 16 ndi potsekera. Mita yamoyo imabweza byte imodzi, E5. Mukaona E5 ndiye kuti waya, mavoti, baud ndi parity zonse zili bwino. Kenaka pemphani deta ndi 10 5B FE 59 16. Adiresi 254 ndi ya pa tebulo pokha. Pa waya pakakhala mamita angapo onse amayankha nthawi imodzi, magetsi awo amaphatikizana, ndipo mumalandira zinyalala.

Cholakwika choyamba cha kabokosika chimaonekera pomwepa: kamakubwezerani mawu anu omwe. Mukatumiza ma byte asanu, mumalandira asanu omwewo kenaka yankho la mita. Kapepala ka m'paketi sikatchula zimenezi. Pulogalamu yaulere ya libmbus imadziwa kutaya kubwezako, koma amene akulemba pulogalamu yakeyake ayenera kuchotsa yekha ma byte oyambawo, apo ayi adzayesa mita ikuyankha zopanda mutu. Musafupikitsenso nthawi yodikira. Lamulo limalola mita kuchedwa mpaka nthawi ya ma bit 330 kuphatikiza 50 ms, zomwe pa 2400 baud ndi pafupifupi 188 ms. Byte iliyonse imatenga ma bit 11, choncho yankho la ma byte 100 limatha pafupifupi theka la sekondi.

Yankho lenilenilo limayamba ndi 68, kutalika kwake kawiri, 68 kachiwiri, kenaka 08, adiresi ya mita ndi 72. Pambuyo pa 72 pamabwera ma byte anayi a nambala ya mita, olembedwa chambuyo: 78 56 34 12 ndi mita nambala 12345678. Kenaka awiri a kampani, imodzi ya mtundu wa mita, imodzi yonena chimene ikuyeza. 07 ndi madzi, 06 madzi ofunda, 16 madzi ozizira. Mukaona 04 ndiye mwamanga mita ya kutentha. Pali byte yowerenga kuti mita yayankha kangati, ndi ina yonena thanzi lake, imene anthu amaidumpha koma ndi yothandiza: 04 ndi batire yatsika, 08 vuto lokhazikika, 10 vuto la kanthawi.

Malita ali m'munsi mwake, ndipo apa mpofunika kuwerenga mofatsa. Tinene kuti mwaona 0C 13 45 78 21 00. Byte ya 0C ikuti akubwera manambala 8 a BCD (owerengeka monga alembedwera, awiri pa byte iliyonse), 13 ikuti muyeso ndi lita imodzi. Tembenuzani ma byte anayiwo mupeze 00217845, ndiwo malita 217,845, kapena 217.845 m³. Pakanakhala 14 m'malo mwa 13, nambala iliyonse ikanakhala malita 10, 15 malita 100, 16 malita 1,000. Landilodi amene wasakaniza mamita a makampani awiri nkuyesa onse akuwerenga malita angalipiritse munthu wa lendi kuchulukitsa ka 10, kapena kumuchotsera chimodzimodzi. Byte yoyamba ikakhala 04 m'malo mwa 0C, nambalayo si BCD koma binary ya ma bit 32, ndipo kuiwerenga ndi maso ngati BCD kumatulutsa nambala yooneka yoona koma yabodza. Msampha wina ndi 4C 13. Kameneko ndi kawerengedwe kosungidwa ka tsiku lina la m'mbuyo, osati ka lero. Nambala ikamangokhala yomweyo kwa milungu pamene madzi akutuluka pa mpopi, mwina mukuwerenga mzere umenewu. Yankho likathera ndi 1F, deta ikadalipo. Pemphaninso mosinthanitsa 7B ndi 5B kuti mita idziwe kuti mukufuna gawo lotsatira osati kubwereza loyamba. Pa zonsezi kabokosika sikalakwitsa kanthu. Ma byte amafika monga mita yawatumizira ndipo checksum imagwirizana.

Amene safuna kumasulira pamanja angolemba mbus-serial-request-data -b 2400 /dev/ttyUSB0 1 (1 wotsirizayo ndi adiresi ya mita) ndipo libmbus imatulutsa zonse mu XML. Komabe tsiku loyamba yerekezani ndi manambala a pa nkhope ya mita. Izi nzofunika kwambiri pa mamita amene mbali ya M-Bus ndi kachipewa kovekedwa pamwamba, kowerenga kuzungulira kwa kachitsulo ka pa galasi. Kachipewako sikaona manambala a mita, kamayamba kuwerenga pamene mwakauza. Ngati woika sanalowetse nambala yoyambira, kapena kachipewa sikanakhale bwino pa malo ake, kompyuta ndi mita zidzasiyana mpaka kalekale ndipo kabokosi kalibe mlandu.

Maadiresi ndi ntchito ya tsiku limodzi koma yosadumphika. Ovomerezeka ndi 1 mpaka 250. Mamita ambiri amachoka ku fakitale ali pa 0, ena amatenga manambala omaliza a nambala yawo, choncho awiri akhoza kugundana. Njira yosavuta ndi kumanga imodziimodzi pa tebulo, kuipatsa adiresi ndi mbus-serial-set-address, nkulemba adiresiyo ndi peni yosafufutika pa mita pomwepo komanso m'kope pamodzi ndi nambala ya nyumba. Ngati zonse zamangidwa kale, gwiritsani ntchito mbus-serial-scan-secondary, imene imasaka ndi nambala ya mita ya manambala 8 kudzera pa adiresi 253. Kabokosika kamakwanitsa kusakaku koma mwaulesi, ndipo mamita awiri akayankha pamodzi nthawi zina kamaona ngati palibe wayankha. Kusaka kachiwiri kumawapeza.

Waya woyenera ndi wopotana awiriawiri wa 0.8 mm, wotchedwa J-Y(St)Y. Muyeso wa M-Bus umati mtunda wa mamita 350 pakati pa master ndi mita yakutali, ndipo waya yense asapitirire mamita 1,000, koma umenewo ndi wa master wamkulu. Aka musakayese malire amenewo. Waya mukhoza kuugawa ngati nthambi za mtengo kapena kuudutsitsa mita ndi mita, koma musautseke ngati mphete, ndipo kumapeto sikufunika resistor monga pa RS-485. Pimani mavoti pa mita yakutali kwambiri. Akasiyana kwambiri ndi a pa kabokosi, penapake pali polumikiza pomasuka kapena padzimbiri. Maenje a mamita amadzaza madzi m'dzinja, ndipo polumikiza pokulunga ndi tepi yakuda pamayamba kubiriwira. Madzi akalowa pakati pa mawaya awiriwo amakoka magetsi ngati mita yoonjezera, kabokosi nkulemedwa. Gwiritsani ntchito zolumikizira zokhala ndi jelo m'kati, ndipo kwezani polumikizapo pamwamba pa dzenje.

Cholakwika chachikulu ndi ichi: pakati pa waya wa mamita ndi USB palibe cholekanitsa. Multimeter ikaikidwa poyesa kulumikizana, M- ndi chitsulo cha pulagi ya USB zimaoneka kuti ndi njira imodzi. Waya wautali wodutsa panja ndi nyambo ya mphezi, ndipo mphezi siifunika kugwa pa waya penipeni. Ikagwa pafupi, mavoti amene yadzutsa mu wayamo amalowa m'kabokosi nkupitirira mpaka mu laputopu. Pa nyumba imodzi, kapena kwa mmisiri woyenda nako kukayesa mamita nkukazula akamaliza, zilibe vuto. Kukasiya komangidwa usana ndi usiku pa waya wopita kumabuloko ena kuyambira Novembala mpaka Epulo nkuika kompyuta pa ngozi. Pamenepo pafunika chotetezera mphezi cha waya wa M-Bus pamene waya ukulowera m'nyumba, ndi isolator (cholekanitsa) ya USB yotha kupereka magetsi okwanira, chifukwa tambiri totchipa sitifika pa 500 mA. Mtengo wa ziwirizi ukaphatikizidwa, master wa pa njanji ya DIN (wokolekedwa m'bokosi la magetsi) wokhala ndi cholekanitsa chakechake sakhalanso wodula monga amaonekera poyamba.

Magetsi akazima mamita amapitiriza kuwerenga, chifukwa kuwerengako kumadalira mawilo kapena batire ya m'kati, ndipo magetsi akabwera nambala mumaipeza ili yonse. Chimene chimasowa ndi mawerengedwe a maola amene kompyuta inali yozima. Linux nthawi zina imabwera nako kabokosi ngati ttyUSB1 kakazulidwa nkulowetsedwanso, choncho mu pulogalamu lembani dzina la mu /dev/serial/by-id/ ngati lilipo. Musafunse mita sekondi iliyonse. Mamita ena a batire ali ndi malire a kuyankha pa tsiku, akafika pamenepo amasiya kuyankha mpaka nthawi itadutsa. Kamodzi pa ola nkokwanira ngakhale posaka podontha. Yerekezani nambala ya 2 koloko usiku ndi ya 4 koloko m'bandakucha, anthu ali mtulo ndipo thanki yadzaza. Kusiyana kwa malita 20 pa maola awiriwo ndi malita 240 pa tsiku, 7,200 pa masiku 30, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi imene mpira wake sukutseka.