Shopu yokonza mapulojekita ku Fordsburg

Mpingo wathu wa Amalawi muno mu Johannesburg umaonetsa mawu a nyimbo pakhoma pogwiritsa ntchito pulojekita, ndipo itayamba kutulutsa timadontho toyera pachithunzi tinaitengera ku shopu ina yaing'ono ya ku Fordsburg.

Katswiri wa pashopuyo, amene anaphunzira za magalasi ndi kayendedwe ka kuwala, sanathamangire kutigulitsa babu latsopano, ndipo pa chimenechi ndikumuyamikira kwambiri. Anafotokoza kuti pulojekita yathu ndi ya mtundu wa DLP, luso limene Larry Hornbeck wa ku kampani ya Texas Instruments anatulukira mu 1987, ndipo popeza ndi ya 1080p, kutanthauza kuti chithunzi chake chili ndi mizere 1,080 ya timadontho, mkati mwake muli kachipangizo kokhala ndi timagalasi toposa 2 miliyoni, kalikonse koimira kadontho kamodzi ka chithunzi. Fumbi likatseka njira za mpweya, kutentha kumachuluka ndipo timagalasi tina timakanirira malo amodzi, n'chifukwa chake pachithunzi pamaoneka timadontho toyera. Iye anasintha kachipangizoko, napukuta fani ndi gudumu limene limazungulira kuti chithunzi chikhale ndi mitundu, moti mawu tsopano akuwerengeka bwino ngakhale masana.

Mtengo wake unali wokwera ndithu, komanso malo oimika galimoto pafupi ndi shopuyo ndi osowa, makamaka Loweruka m'mawa.