Majarini ndi Fulawa, Kapena Pepala Lophikira Keke?

Keke ikakanirira m'chitini n'kutuluka zidutswazidutswa, kawirikawiri vuto limakhala mmene munakonzera chitinicho musanathiremo.

Njira yomwe ambirife tinaphunzira kwa amayi athu ndi ya majarini. Mumapaka pansi ndi m'mbali monse, makamaka m'makona, kenako n'kuwazamo supuni imodzi ya fulawa, kugwedeza chitini mpaka ponse patayera, wotsalayo n'kukhuthula. Siidula, ndipo pa chitini chamizeremizere palibe ina yoiposa, poti pepala silingalowe m'mipata mwake. Kuipa kwake, fulawa ukachuluka keke imatuluka ndi mawanga oyera. Ikakhala ya chokoleti, wazani koko m'malo mwa fulawa. Mafuta ophikira amadzi aja ine ndimawakayikira, chifukwa amayenderera pansi n'kusiya m'mbali mouma.

Pepala lophikira keke limafuna ndalama komanso lumo. Mumaika chitini pamwamba pake, n'kuzunguliza pensulo, n'kudula. Kamajarini pang'ono kunsi kwake kamaligwira kuti lisasunthe. Pa keke ya zipatso, kapena iliyonse ya shuga wambiri yokhalitsa mu uvuni, pepala ndiye dilu, pakuti shuga akapsa amamata ngati ulimbo. Koma nyuzipepala ayi chonde, inki yake si ndiwo.

Ophika chigumu pa mbaula ali ndi yawo: tsamba la nthochi lowawula pamoto kuti lifewe, n'kuliyala m'poto.

Mukaphula, dikirani mphindi 10, zungulizani mpeni m'mbali, ndiye muvundikire chitini pa mbale.