Chimbale cha Free Jazz n'chabwino, koma wogulitsa anandichititsa manyazi

Ndinagula CD ya Free Jazz ya Ornette Coleman, katswiri wa nyimbo za jazz wa ku America, pa kasitolo kena ka pafupi ndi depoti, pamtengo uja wa katundu wochokera ku Johannesburg, ndipo kabokosi kake kanali kong'aluka kale. Chimene chinandipweteka n'chakuti mnyamata wa m'sitolomo ataiika m'wailesi yake ya sipika imodzi, anaimvera pang'ono chabe n'kuyamba kuseka pamaso pa makasitomala ena, amvekere, "Bambo, apatu mukugula phokoso la mumsika, ndipo mukabwera nayo ndalama sitibweza." Ndinalipira mtima uli m'mwamba n'kukwera kabaza kubwerera ku Katoto.

Kunyumba ndinailumikiza ku masipika awiri, ndipo m'pamene ndinamva zimene wailesi yake inkaphwanya. Chimbalechi chinajambulidwa mu December 1960 ndi oimba asanu ndi atatu ogawidwa m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse limamvekera mbali yakeyake. Kumanzere kuli Coleman, Don Cherry, Scott LaFaro ndi Billy Higgins, pamene kumanja kuli Eric Dolphy, Freddie Hubbard, Charlie Haden ndi Ed Blackwell. Sipika imodzi imawaunjika onse pamalo amodzi.

Oimbawa sakungoliza chisawawa. Coleman anakonzeratu tizigawo tifupitifupi timene malipenga onse amalowa pamodzi, ndipo kachigawo kalikonse kamatsegulira njira woimba mmodzi, monga momwe woyambitsa nyimbo amachitira pakwaya. Dolphy ndiye amayamba, kenako Hubbard, ndipo pamene mmodzi akutsogolera, enawo ali ndi ufulu womuyankha, kumutsutsa kapena kungokhala chete. Zolembedwazo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi mphindi 37 za nyimbo yonse, komabe popanda zimenezo makutu anga sakanadziwa pogwira, ndipo ng'oma za Higgins ndi Blackwell sizisiya kugunda mpaka kumapeto.

Ndivomereze kuti mnyamata uja sanalakwitse kotheratu, chifukwa usiku woyamba nanenso ndinasochera chapakatikati, ndipo mayi a kunyumba anafunsa ali kukhitchini ngati wailesi yawonongeka. Ndinafunika kuimvera katatu kuti ndiyambe kuzindikira pamene zolembedwa zathera. Chimbale ndikuchiyamikira, koma amene akufuna kugula pasitolo imeneyo apite ndi mahedifoni akeake, ndipo asalole kuti amuyesere pa wailesi ija.