Nkhope za tsinya za ku Aberdeen

Abale anga amene mukukonza zobwera kuno ku Scotland kudzasamalira okalamba, za kuzizira munamva kale. Ine ndikuuzani za nkhope za anthu, chifukwa n'zimene zinandisowetsa mtendere kuposa chisanu.

Kuno kuli liwu loti dour. Amanenera munthu wa ndwii, wosaseka wamba, woyankha mawu awiri n'kutseka pakamwa, komanso wosagonja msanga pa zimene watsimikiza. Angerezi amakonda kuwatchula choncho anthu a kuno. Gordon Brown, mwana wa m'busa amene anakulira m'tauni ya Kirkcaldy kuno ku Scotland n'kudzakhala nduna yaikulu ya Britain kuyambira 2007 mpaka 2010, manyuzipepala ankangomuti dour. Mzinda wa Aberdeen nawo ngwotero: nyumba zake n'zamiyala yotuwa, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena amene anali msodzi. Ndikawapatsa moni wathu uja, kufunsa mmene agonera ndi mmene thupi likumvera, amangoti "Nae bad," kutanthauza kuti sizili moipa, maso ali pazenera. Kwathu munthu akakuyankha choncho umadziwa kuti pali nkhani. Mtima unkandiwawa, ndinkangoti mwina ndi khungu langali.

M'mawa wina ndinafika zala zitauma gwa, ndikulephera ngakhale kuwamanga mabatani a malaya. Anandiyang'ana m'manja, n'kutsegula kabati, n'kundiponyera magolovesi aubweya. Osaseka, osanena kanthu. Ndinakawauza kaye abwana, poti lamulo la pantchito silitilola kulandira mphatso mwakachetechete. Mawa lake agogowo anayamba ayang'ana ngati ndavala, kenako n'kubwezera maso pazenera.

Sindikuti tsankho kulibe. Liliko, ndipo umalizindikira: munthu amasekerera anzako onse, iwe wekha n'kukudumpha. Koma wa tsinya kwa aliyense, ngakhale kwa ana ake obwera Lamlungu, ameneyo musataye naye tulo.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi ndwii wolowa mwa ife tomwe. Kupita kuntchito kuli mdima, kuweruka kuli mdima, mapeto ake foni yakumudzi ikulira iwe n'kumangoiyang'ana. Achipatala kuno amalangiza kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi chifukwa cha kuchepa kwa dzuwa, ndipo ife akhungu lakuda chaka chonse. Mukafika mugule, n'ngotchipa. Mufunefunenso Amalawi anzanu msanga, musadikire kuti nyengo yozizira ikupezeni muli nokha m'chipinda.