Chithandizo cha zotupa za pakhosi ku Gulupu: mmene tikuchionera kuno ku Mangochi

Zotupa zosowa za pakhosi sazichita opaleshoni paboma pano. Wodwala amatumizidwa ku Blantyre, ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth), komwe kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Luso alinalo ndithu. Vuto ndi loti ambiri amafika mochedwa, atamwa maantibayotiki miyezi yambiri. Mawu akasasa kupitirira masabata 3, pemphani kalata yokutumizani.

Kuyeza koyamba timakuyamikira. Amapopera mankhwala a dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachubu kofewa kokhala ndi kamera mpaka pa kholingo, munthu ali maso, mphindi zochepa chabe. Akaona chotupa amakupatsani tsiku loti akugonetseni n'kudula kachidutswa kopita ku labotale. Musadye kwa maola 6 isanakwane nthawiyo, chifukwa chakudya chikabwerera chimalowa m'mapapo. Pitani ndi buku la kuchipatala ndi zotsatira za makhololo ndi za HIV, popeza TB ya pakholingo ndi Kaposi (khansa imene imakonda kugwira anthu omwe ali ndi HIV) zimaoneka ngati khansa ina.

Ana ndiwo amatidetsa nkhawa kwambiri. Tinjerewere ta pakholingo, tobwera ndi kachilombo ka HPV, timachititsa mwana kulira mosasa ndi kupuma mwaphokoso pokoka mpweya, ndipo ambiri amayamba apatsidwa mankhwala a mphumu. Amatichotsa kudzera m'kamwa, osang'amba khosi, koma timameranso. Makolo akonzekere maulendo angapo, ndipo ndalama ya thiransipoti ndi imene imagwetsa ambiri ulesi.

Chotupa cha m'mbali mwa khosi chimene chikugunda ngati mtima musachitemere mphini, ndipo wina asachibaye singano asanachijambule. Chimakhala pamphambano ya mtsempha waukulu wopita ku ubongo, choncho chikabooledwa magazi amatuluka ambiri, munthu n'kutaya moyo.

Pofooka ndi pambuyo pa opaleshoni. Zotsatira za ku labotale zimatenga masabata, choncho musachoke osadziwa tsiku lobwerera, ndipo siyani nambala ya foni yogwira. Amene wabwera ndi kachubu kopumira pakhosi, womusamalira aphunzire kutsuka kachubu kamkati asanatuluke m'chipatala, chifukwa makhololo akauma amatseka mpweya usiku. Bowo lopumira la pakhosilo aziliphimba ndi kansalu koyera chifukwa cha fumbi. Asodzi a ku Makawa ndi ku Malembo amve bwino apa: wochotsedwa kholingo amapumira pabowo la pakhosi, choncho sasambiranso m'nyanja, ndipo kukwera bwato n'koopsa, chifukwa madzi akafika pabowolo amapita molunjika m'mapapo.